Kamera Imene Munandisankhira, Achimwene

Okondedwa Achimwene,

Landirani moni wochokera kuno kutali. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli amphamvu, inu ndi alamu ndi ana onse pakhomopo. Msana uja munkadandaula nawo unaleka, kapena mukunyamulabe matabwa nokha ngati kuti zaka sizikupita? Nanga amayi akudzuka bwanji masiku ano? Mundiuze zoona za maso awo. Musandiyankhe kuti ali bwinobwino monga mumachitira pafoni, pomwe ine ndikuwamva ndi makutu angawa akufunsa kuti amene walowa m'nyumbayo ndani.

Ife kuno tili moyo. Ine miyendo imanditupa madzulo chifukwa choima tsiku lonse, koma ndikaiviika m'madzi ofunda imaphwa. Kuntchito makina aakulu oumitsira nsalu anawonongeka sabata yatha, ndiye takhala tikuyanika nsalu zoyala pabedi za hotela yonse pazingwe, m'chipinda chathu chapansi chija chopanda zenera. Munthu umatulukamo uli nyowe ngati nawenso wachapidwa. Kunyumba nako mpope wa m'khitchini ukudontha. Mwini nyumba anati abwera mawa, ndipo mawa lakelo lalowa mwezi wachiwiri.

Koma si izi zimene ndakhalira pansi. Ndasankha kulemba kalata dala, chifukwa pafoni mumandidula mawu, ndiponso mumayamba kuseka ndisanamalize. Kalata simungaidule. Muiwerenge yonse mpaka pansi. Nkhani ndi ya kamera ija.

Mukukumbukira mmene zinayambira. Mwana wanga Namiyendo atatsala pang'ono kumaliza maphunziro ake a unamwino, amayi anapempha chinthu chimodzi chokha. Anafuna chithunzi cha mdzukulu wawo atavala mkanjo ndi chipewa akulandira satifiketi, chithunzi chapapepala, chachikulu choti angathe kuchiona ndi ng'ala zawozo, pakuti pafoni amangoona kuwala basi. Ndi iwo anamulera mwanayu mpaka zaka khumi ndi chimodzi ine ndili kuno. Ndi iwonso anamupatsa dzina lakuti Namiyendo, ataona kuti siketi iliyonse akamusokera imamufupikira mwezi usanathe. Pempho lawo silinali loti munthu n'kulizengereza.

Ine ndinati tidzajambula ndi foni ya mwanayo. Inu munakana. Munati foni ndi ya zithunzi zamasewera, tsiku lalikulu limafuna kamera yeniyeni. Munanditumizira chithunzi cha kamera ina imene munaiona pa intaneti, yaing'ono ngati sopo wosambira, yamtundu wasiliva, ndipo munandiwerengera zonse zimene anailembera: kuti imakokera pafupi munthu amene ali kutali, imazindikira yokha nkhope ya munthu, imajambula ngakhale pamalo a mdima, ndipo ngakhale mwana angathe kuigwiritsa ntchito. Munaimba katatu sabata imodzi. Ulendo wachitatuwo ndi pamene munaulula kuti mwambo ukatha ndikutumizireni kamerayo, muzikajambula nayo anthu pamaukwati Loweruka mukatseka shedi yanu ya ukalipentala. Ndinaseka. Ndinati chabwino, ndi achimwene anga, zamakina amazidziwa kuposa ine.

Ndinagwira ntchito Loweruka lililonse kwa miyezi iwiri kuti ndiigule. Sindikunena izi kuti mundichitire chifundo. Ndikunena kuti mudziwe kuti sindinaitole pamsewu.

Tsono imvani mmene ilili, popeza inu munangoiona pachithunzi pamene ine ndaigwira ndi manja.

Kukongola ndiye ndi yokongola, pamenepo sindingatsutse. Ndi yopepuka, imalowa m'thumba la juzi n'kusiya malo a makiyi. Koma mabatani ake anapangira anthu a zala ngati masingano. Zala zangazi zakhala m'madzi a sopo zaka khumi ndi zisanu, ndikati ndidine batani limodzi ndimadina awiri. Zanu zogwira hamala ndi sowo, kaya zidzadina angati. Batani loyatsira analiika moyandikana ndi lojambulira, moti poyeserera kunyumba, kawiri konse ndinati ndikujambula mwana koma ndikuzimitsa. Ilibe pogwira, imaterera m'manja ngati nsomba yamoyo. Kabuku ka malangizo kanabwera m'bokosi kali ndi zinenero zambirimbiri, tizilembo take ngati nyerere zakufa, ndipo kamatha masamba n'kukuuza kuti usaiponye pamoto, usaipatse khanda, usaimize m'madzi. Zoti ungajambule bwanji munthu ali m'holo, kabukuko kali chete.

M'mawa wa tsiku la mwambo, Namiyendo anandipempha kuti nditenge foni yake m'chikwama changa, mwina n'kufunika, popeza mkanjo ulibe matumba. Ndinamuyankha kuti asandilemetse ndi zinthu, amalume ake anasankha kamera yeniyeni. Foniyo inatsala patebulo. Kusukulu kwawo kunalinso wojambula wawo amene anafuna kuti makolo alembetse sabata imodzi mwambo usanachitike. Sindinalembetse. Ndikanalembetseranji, ndili ndi kamera yeniyeni?

Tinafika msanga. Holo yake ndi yaikulu, denga lili kutali, magetsi ake achikasu ofooka ngati a m'basi. Makolo anatikhazika kumbuyo. Kutsogolo kwanga kunakhala bambo wina wadazi, dazi lonyezimira ngati mbale yotsukidwa kumene. Ndinayatsa kamera atangoyamba kuitana maina, ndinaigwira ndi manja awiri n'kumadikira.

Chimene palibe anandiuza ndi chakuti ikakhala kanthawi osadinidwa imadzizimitsa yokha. Atatchula dzina la mwana wanga ndinayang'ana pasikirini, n'kupeza pali bii. Ndinadina loyatsira. Diso lake linayamba kutuluka pang'onopang'ono likulira ngati udzudzu, osafulumira konse, ngati munthu amene wadzutsidwa kutulo ndipo akufunafuna nsapato. Apo mwana akukwera masitepe. Ndinakokera pafupi monga munandiphunzitsira pafoni, ndipo zonse zinayamba kunjenjemera. Kabokosi kobiriwira kaja amati kamapeza nkhope kanayendayenda pasikirini, kenako kanakakhazikika padazi la bambo uja. Ndinadina. Sinajambule pomwepo, inayamba yaganiza kaye. Pamene inkathwanima, mwana anali atalandira kale satifiketi n'kutembenuka. Ndinadinanso, inandilembera kuti ndidikire, fulashi ikudzaza mphamvu. Pamene inavomera, amene anali kutsogoloko anali mwana wa eni ake.

Ndinadzilimbitsa kuti choyamba chija mwina chatheka, ndipo tijambula zina panja. Panja kunali mvula. Tonse tinapanikizana m'khonde la mkati, ndipo mikanjo inali yobwereka, yoti ibwezedwe isanakwane folo koloko. Ndinamuimika Namiyendo pakati pa anzake awiri a m'kalasi, atsikana oyera khungu, ndinajambula zingapo. Ndinamujambulanso ali yekha pafupi ndi khoma. Ndinati tsopano ndipemphe munthu atijambule tonse awiri, ine ndi mwana wanga. Pomwepo batire linatha. Batire loti ndinalitchaja mpaka kudzaza dzulo lake, silinafike ngakhale kumapeto kwa mwambo umodzi.

Kasikirini kake n'kakang'ono ngati bokosi la machesi, ndipo pamenepo chilichonse chimaoneka bwino, makamaka kwa munthu amene wasiya mandala ake kunyumba. Batire lisanathe ndinali nditasuzumirapo, n'kuona mkanjo ndi chipewa. Mwana atandifunsa ngati zatheka, ndinamuyankha kuti zatheka zonse, apite akabweze mkanjo. Anapita.

Choonadi tinachiona patapita masiku awiri, kumalo otsukira zithunzi. Tinapita limodzi ndi Namiyendo. Mayi wa pamenepo analowetsa kakhadi ka kamera m'kompyuta yake, anatembenuzira sikirini yaikulu kwa ife, n'kutifunsa mwaulemu ngati tikufunadi kuti atsuke zimenezi.

Achimwene, dazi lija linatuluka bwino kwambiri. Mutha kuwerenga titsitsi tisanu ndi tiwiri timene tatsalapo, ndi thukuta lomwe. Kuseri kwake, kutali, kuli chinthu chakuda chachitali chopanda mutu weniweni, ngati utsi. Ameneyo ndiye mdzukulu wa amayi atalandira satifiketi. Chachiwiri ndi mwana wa eni ake uja, nayenso ngati wajambulidwa kudzera m'madzi. Za m'khonde ndiye zinandipweteka koposa. Atsikana awiri aja atuluka bwinobwino, nkhope zawo zili mbee, mpaka ndolo zikuoneka. Pakati pawo pali mano ndi maso, basi. Chimene anaima yekha chili ngati munthu anamuwaza mchenga kumaso. Namiyendo anayang'ana zonsezo, kenako anathokoza mayi uja n'kundiuza kuti tizipita. Pambuyo pake anafunsa kwa anzake ngati alipo anamujambula pafoni. Chinapezeka chimodzi cha gulu, iye ali kumbuyo, theka la nkhope litabisika ndi chipewa cha mnzake.

Tsiku lotsatira ndinapempha kuweruka msanga, ndinatenga kamera, bokosi ndi lisiti, ulendo kusitolo kumene ndinaigula. Ndinapeza bambo yemwe uja anandigulitsa, wataye yake yofiira. Tsiku logula ankanditcha mayi wanzeru. Tsiku limeneli anandiyang'ana ngati sanandionepo chibadwire. Ndinamufotokozera zonse mwadongosolo, osakweza mawu. Anatenga kamerayo, anadzijambula nkhope yake pansi pa magetsi owala a m'sitolomo, anajambulanso maluwa apulasitiki anali pakauntala, n'kundionetsa. Anati ndikuona, ilibe vuto lililonse, vuto ndi wojambula.

Ndinamuuza kuti atsegule zithunzi za m'khonde zija. Ndinamufunsa kuti ngati vuto ndi wojambula, bwanji wojambula yemweyo, nthawi yomweyo, watulutsa bwino atsikana awiri n'kutaya wapakati. Anayang'anitsitsa, anakanda chibwano, kenako anandiuza mosachita manyazi n'komwe.

"Mwana wanuyu ndi wakuda kwambiri, mayi. Kamera singamuone bwino. Muzimuimika pamalo owala."

Ndinatembenuza bokosi n'kumulozera pamene analemba.

"Apa munalemba kuti imazindikira nkhope. Ya mwana wanga si nkhope?"

Anayamba kunena kuti bokosi linatsegulidwa kale, ndipo malamulo a sitolo salola kubweza chinthu chimene sichinawonongeke. Anati ngati ndikufuna zithunzi zabwino za m'nyumba, ali ndi ina yaikulupo angandionetse. Ndinamuuza kuti atenge cholembera alembe pabokosi lililonse latsala pashelefu kuti ndi nkhope ziti zimene kamerayi imaziona, kuti mayi wina asadzapusitsidwe ngati ine. Anthu m'sitolomo anasiya zogula n'kumatiyang'ana. Ndinamaliza ndi mawu ena m'chinenero chathu, amene sindingawalembe pano chifukwa kalatayi mwina ana aiwerenga. Iye sanamve, koma nkhope yake inaonetsa kuti wadziwa kuti sindikumudalitsa. Ndinatuluka ndi kamera yanga m'manja.

Amene anandithandiza ndi mnzanga wa kuntchito, mayi wina wachikulire amene timamutcha Asimbi chifukwa ndiye amasita mayunifomu onse a hotela. Malemu mwamuna wake anali wojambula zithunzi, ndipo iye ankamunyamulira zikwama zaka zambiri. Pa nthawi yopuma masana anandiona ndikungotembenuza chakudya osadya, anandifunsa, ndinamuuza zonse. Anapukuta manja, anatenga kamerayo n'kuyamba kudina ndi chikhadabo. Analowa apa, kutulukira apo, kulowanso pena, kasanu konse, mpaka anapeza pamalo pobisika powonjezerera kuwala. Anandionetsanso kuti batani lojambulira umayamba walidina pang'ono, kudikira kuti ilire, kenako n'kumaliza. Zonsezi m'kabuku muja mulibe, kapena zilimo m'chinenero chimene sindichidziwa.

Anandifotokozera kuti m'kati mwa timakamera totere, kachinthu kolandira kuwala n'kochepa kuposa chikhadabo cha chala chaching'ono, ndiye m'nyumba kamakhala ndi njala. Kakaona nkhope yoyera ndi yakuda pamodzi kamathamangira yoyerayo n'kuiwala inayo, pokhapokha ukakakamize. Anati iyi ndi kamera ya padzuwa. Kuti andionetse, anandijambula m'chipinda chathu chapansicho atawonjezera kale kuwala. Ndinatuluka, inde, koma ngati ndadwala nthomba. Tinakwera kupita kubwalo lakumbuyo kumene magalimoto amatsitsira katundu, dzuwa lili pamutu, anandijambulanso. Pamenepo ndiye ndinatuluka ine weniweni, mpaka makwinya amene sindinkadziwa kuti ndili nawo.

Ndinati basi ndaidziwa tsopano. Nditaizimitsa n'kuiyatsanso, zonse anakonza Asimbi zinali zitabwerera mwakale. Imaiwala, achimwene. Nthawi iliyonse ukaiyatsa uyambirenso kulowa makomo asanu aja. Munthu amene anapanga zimenezi ndikanakonda ndimuone ali m'holo, mwana wake akukwera masitepe.

Sindikufuna kuinamizira, chifukwa mungati mlongo wanga wakwiya ndiye akunyoza chilichonse. Panja masana imajambula bwino. Ndajambula nkhunda zili padenga la nyumba yoyandikana nafe, nthenga zake zikuoneka imodziimodzi. Ndajambula maluwa a pakhonde la mayi wa pansi pathu, mitundu yake inatuluka monga ilili, osawonjezera. Chinthu chikakhala chete, dzuwa lilipo, ndipo iwe uli ndi nthawi, palibe chodandaula. Koma kukokera pafupi kuja munkakutama, ukangopitirira theka zonse zimasungunuka. Ukati ujambule kanema, mawu amene amamveka kwambiri ndi a diso lake lomwe likamalowa ndi kutuluka. Foni ya Namiyendo, ija munaitcha yamasewera, tinaiyesa m'khitchini mwathu madzulo pamodzi ndi kamerayi. Foni inamutulutsa mwana ali ndi nkhope yake yonse. Kamera yeniyeni inatulutsa ketulo.

Ndiye mukandifunsa ngati ikuyenera ma Loweruka anga a miyezi iwiri, yankho ndi lakuti ayi. Ndipo za maukwati zija muiwale. Maukwati amachitikira m'matchalitchi ndi m'maholo, anthu saima chete, ndipo mkwatibwi sabwereza kulowa chifukwa fulashi ya wojambula ikudzaza mphamvu. Idzakutulutsirani diresi loyera bwinobwino, koma mwini wake osaoneka. Adzakuthamangitsani ndi mipando imene munawakhomera nokha. Ngati mukuifuna kuti muzijambula makabati ndi matebulo anu panja pa shedi poonetsa makasitomala, ndidzakutumizirani akapezeka wobwera kumeneko. Pa ntchito imeneyo ndi yabwino, chifukwa kabati sayenda.

Tsopano ndifike pa chimene chandisowetsa mtendere.

Masiku onsewa Namiyendo sankalankhula zambiri. Sanandikalipire, sanatchule za foni inatsala patebulo ija. Ankangodzuka, kupanga tiyi, kusita zovala zake, kundifunsa ngati miyendo ili bwino. Ine ndinaganiza kuti chikumupweteka ndi chithunzi. Ndinapita kuofesi ya sukulu yawo kukafunsa ngati angatibwerekenso mkanjo kwa ola limodzi. Anandizunguza, uyu kunditumiza kwa uyo, koma pomaliza mayi wina anati n'zotheka mwezi wamawa. Ndinabwerera kunyumba ndikusekerera ndekha m'basi. Ndinamupeza ali m'khitchini akudya choimirira, ndinamuuza kuti zonse zakonzeka, tidzapita tsiku ladzuwa, adzavala mkanjo, adzagwira satifiketi, agogo ake sadzadziwa kusiyana kwake.

Anaika mbale pansi. Anati sadzavala. Anati agogo ake sanamulere kuti azikawanamiza ndi mkanjo wobwereka kawiri. Ndinayamba kumuuza kuti asaume mutu, ndi chithunzi chabe. Apo ndi pamene ananena.

"Amayi, si chithunzi. Nditalandira satifiketi ndinatembenuka kukuyang'anani. Amayi a anzanga anali ataimirira akuwomba m'manja. Inu munali mutaweramira kachitsulo."

Sanalire, sanakweze mawu. Anatsuka mbale yake n'kulowa kuchipinda.

Ndinakhala pampando wa m'khitchini nthawi yaitali, mpope uja ukudontha. Ndinayesa kukumbukira mmene anaonekera polandira satifiketi, kaya anamwetulira, kaya anagwada pang'ono monga amayi anamuphunzitsira, kaya analandira ndi manja awiri. Sindinapeze kanthu. Sindinaone, achimwene. Tsiku limene anayamba kuyenda ndinauzidwa pafoni. Tsiku limene anayamba sukulu munandilembera ndinu. Chimwalirireni bambo ake ndakhala ndikudziuza kuti zonsezo ndinaziphonya kuti adzafike pa tsiku limeneli. Tsikulo linafika, ndinali m'chipinda chomwecho, maso anga ali otsegula, ndipo ndinali kulimbana ndi batani.

Ndakwiyira bambo wataye uja. Ndakwiyira amene anapanga kamerayi ndi mabodza awo a pabokosi. Ndakukwiyirani inu, ndipo mukudziwa chifukwa chake. Koma mwana anandipatsa foni m'manja ndipo ndinaikana ndine. Zimenezo sindingamukankhire munthu wina.

M'mawa mwake ndinamupepesa. Sindinachite kuzungulira, ndinangomuuza kuti ndinalakwa ndipo sindinamuone. Anagwedeza mutu n'kunena kuti wamva. Tinatha sabata tikuyenda mosamala m'nyumba ngati pansi pali magalasi osweka.

Lolemba lapitali anayamba ntchito pachipatala chachikulu cha kuno, kuchipinda cha ana. Ndinapempha kulowa mochedwa kuti ndimuperekeze. Tikutuluka pakhomo anaima, n'kundiuza kuti nditenge kachitsulo kanga kaja, agogo akudikira. Ndinalowanso m'nyumba msangamsanga asanasinthe maganizo.

Pageti la chipatala dzuwa linali litatuluka bwino, likuwomba cham'mbali. Anaima pafupi ndi mpanda wamaluwa, yunifomu yake yoyera, kawotchi kali pachifuwa, tsitsi atalimanga kumbuyo. Kamera ndinaisiya kaye m'thumba. Ndinaima n'kumuyang'ana ndi maso anga, kuyambira kumutu mpaka kunsapato, mpaka iye anayamba kuseka n'kundiuza kuti ndimuchedwetsa tsiku loyamba. Pamenepo ndi pamene ndinaitulutsa. Ndinalowa makomo asanu a Asimbi aja mosathamanga, ndinadina pang'ono, inalira, ndinamaliza. Ndinajambula chimodzi chokha.

Ndi chimenecho mwachipeza m'envulopu yaikuluyi, pakati pa makatoni awiri. Ndatsukitsa chachikulu ngati kalendala. Nkhope yake ili yonse, mpaka kachipsera ka pachipumi kamene anakapeza atagwa pa njinga yanu. Nsapato yakumanzere yadukako pang'ono, koma limenelo ndi dzanja langa, kamera ilibe mlandu.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Alamu anandiuza kuti munalengeza kwa amayi ndi kwa aliyense wodutsa pashedi kuti chithunzi cha mkanjo chikubwera, chojambulidwa ndi kamera imene munasankha inu. Anatinso munakhoma kale felemu la matabwa abwino, ndipo lili pakhoma la amayi lopanda kanthu, iwo amalisisita podutsa. Ndikupempha kuti mukawauze ndinu kuti chithunzi cha mkanjo kulibe ndipo sichidzabwera. Musatume alamu. Musatume ana. Musanene kuti chinasochera panjira kapena kuti chikubwera mwezi wamawa, chifukwa ndikukudziwani, pakamwa panu sipasowa njira yothawira. Mupite m'mawa kukuwala, muwatulutsire mpando pakhomo, mukhale nawo pansi, muwauze zonse monga ndalembera muno, ndi za dazi zomwe ngati zingawaseketse. Kenako muwaike chithunzichi m'manja. Pamene maso awo alephera, muwauze ndinu: kuti yunifomu ndi yoyera, kuti kawotchi kali pachifuwa, kuti akuseka, kuti ndi wamtali kuposa mpanda.

Munasankha ndinu, ndinamvera ndine. Mbali yanga ndaisenza kuno pamaso pa mwana. Yanu mukaisenze kumeneko pamaso pa amayi. Mukatero mundilembere zimene anena, mawu awo enieni, osakometsera.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndathokoza pondiuza zoona nthawi zonse. Moni kwa ana onse, wamkuluyo alimbikire mayeso, wamng'onoyo aleke kukwera padenga la shedi. Moni kwa azakhali ndi miyendo yawo, kwa amalume aang'ono ndi banja lawo, ndi kwa msuweni wathu amene anabereka posachedwa, ndamva kuti ndi mapasa. Namiyendo akupereka moni kwa nonse. Akuti amalume asaope, iye sanawakwiyire, wokwiya ndi mayi ake. Kwa amayi musapereke moni wapakamwa chabe, muwagwire dzanja m'malo mwanga.

Mkwiyo wanga sunathe, ndipo sindikulonjeza kuti utha sabata ino. Koma msanawo mupite nawo kuchipatala, chifukwa achimwene ndili nawo amodzi okha, ndipo ndikufuna akhalepo oti ndiziwakalipira.

Ndine mlongo wanu,
Mayi a Namiyendo